Nsalu Yapakhoma ya ku Matundo

Tiyamike, taika pansi telefoniyo. Chithunzi cha chipindacho ndachiona, wandionetsa mpaka maso andiwawa. Khoma loyera, chitseko chobiriwira, simenti pansi, zonse ndaona. Ndiye ukuti mwini nyumbayo ndi munthu wabwino chifukwa wakuuza kuti ndinu amodzi? Khala apa pamphasa. Inunso ana inu, sendezani lichero kuno, manja asaime, mtedzawu sudzisenda wokha. Mkulu wanuyu mawa akupita ku Tete kukayamba maphunziro a unamwino, ndipo sachoka pakhomo pano ndisanamuuze kumene kunachokera chipsera chili pamwendo pakecho. Agogo anu aamuna asiyeni, akunamizira tulo pampandopo. Akumva zonse. Mawondo ndiwo anakalamba, makutu ayi.

Ife kuno ku Mualadzi nyumba sitinkachita kuisaka, tinkamanga. Mwamuna ankalowa m'thengo ndi nkhwangwa kukadula nsichi ndi phaso, n'kusenda luzi. Ife akazi tinkamweta udzu, kuponda dothi, kumata ndi kuzira. Ukaphika thobwa lokwanira anthu ankabwera, denga n'kukwera tsiku lomwelo. Pamene khoma lafooka unkapadziwa, poti zala zimene zinamata zinali zako zomwe. Inu a masiku ano mukaona nyumba ya udzu mumakwinya mphuno, mukufuna malata oti mvula ikagwa musamvane. Chabwino, n'kufuna kwanu. Koma mawu akuti renda, oti munthu azilipira tulo take mwezi ndi mwezi, ine ndinayamba kuwamva imvi zitatuluka kale.

Tinalinso ndi mwambo wina, ndipo umenewu muumvetse chifukwa ndi umene unatigwetsa. Kale popita ku Nsadzo tinkayenda wapansi, kamba wathu chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha, madzi tikumwa m'mitsinje. Dzuwa likakuthera panjira unkaodira pakhomo lililonse. Akakupatsa moni ankafunsa mfunda wako. Ukati Banda, mwini khomo nayenso n'kukhala Banda, basi wafika kwanu: mphasa akuyalira, madzi osamba akutenthetsera, nkhuku yafa. Ndipo m'bale sumufunsa mafunso ambiri, sumusuzumira m'nyumba, sumutsutsa akanena mawu. Mwambowu unali wabwino, kuno mpaka lero ndi wabwino. Chimene sitinkadziwa n'chakuti m'tauni muli anthu amene anauphunzira ngati ntchito.

Zinali zaka zija malasha a ku Moatize atangotchuka. Amayi ako Esinati anapeza malo ophunzira uphunzitsi ku Tete, iwe uli kubere. Bambo ako anali atawoloka pa Cassacatiza kukagula katundu wa geni ku Zambia, ndipo katunduyo akugulabe mpaka lero. Ndiye panafunika ine kuti ndizikakulera masana amayi ako ali m'kalasi. Agogo anu aamunawa, a Phiri, anati atiperekeza akatipezere pogona, poti nkhani za nyumba n'za amuna. Mawu amenewo muwasunge.

Tinapalasa njinga mpaka kumsewu wa tara, kenaka tinakwera lole ya matumba yochokera kumalire. Tikutsika mapiri athuwa mphepo inatha, mitengo yamthunzi inatha, kunangotsala malambe ndi mbuzi. Kutentha kwa ku Tete si kwa anthu, ana inu. Kumeneko madzi a mumtsuko umamwa ngati akuchokera pamoto.

Mzindawo unali utapenga. Anthu anali atakhamukirako kuchokera kulikonse, aliyense akuti akalemere ndi malasha. Nyumba zabwino zonse makampani anali atatenga, eni ake atasamukira m'zisakasa zophikiramo, akuseka okha. Munthu ankatulutsa mbuzi m'khola, kupaka laimu, kukhoma chitseko, n'kumati kwartu, ndiye kuti chipinda. Panalinso ena otchedwa makomisionista, amuna athunthu ovala nsapato zosongoka, ntchito yawo kukulozera chitseko ndi chala, chalacho n'kulipiritsa. Wina anatitengera ku chipinda chopanda zenera, akuti n'chabwino chifukwa akuba alibe polowera. Wina anatisonyeza choyang'anana ndi malo omwera mowa, chitseko chake chotsekera kunja kokha. Ndinafunsa kuti mkati muli mwana wamkazi azitseka bwanji, iye anati, “Mama, kuno anthu ndi aulemu.” Chipinda chimodzi chokha chinali chooneka, koma mtengo wake wa mwezi unali woti nkhokwe yathu yonse ilowemo. Tinkagona pakhonde la tchalitchi cha anzathu a mpingo, iwe ukulira ndi thukuta, ine mtima ukuwira.

Ndiye tsiku lina, mbali ya ku Matundo, tinafika pakhomo lina la mdadada wa zipinda. Pansi pa mtengo wa masawu panakhala bambo wachikulire, wovala kachipewa, nkhope yofatsa ngati mkulu wa mpingo. Anatiyalira mphasa. Anatipatsa madzi m'kapu. Chifikireni m'taunimo palibe anali atatipatsako madzi aulere, choncho a Phiri anayamba kusungunuka asanamwe n'komwe.

“Kodi alendo athu kwanu n'kuti?” anafunsa bamboyo m'Chichewa chathu chenicheni.

“Ku Chifunde, mbali ya Mualadzi,” anayankha a Phiri.

“Ku Mualadzi! Nanga mfunda?”

“Ndine Phiri.”

Munthu uja anadzimenya pachifuwa, kachipewa kanagwa. “Phiri? Mayo ine! Mng'ono wanga! Inetu ndine Phiri, makolo anga anachokera komweko, nkhondo ndiyo inatimwaza. Mulungu wandikumbukira lero.” Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumati alamu. Esinati anamutcha mwana wake. Iwe anakunyamula n'kumakuvinitsa. A Phiri anandiyang'ana ndi diso lija lonena kuti waona, Nabanda, nkhani za amuna.

Chipinda anatitsekulira, koma tinangoima pakhomo. Ine ndinaponya phazi kuti ndilowe, a Phiri anandikoka nsalu. Anandinong'oneza kuti, “Nyumba ya akulu anga ndiiyendere ngati ndikugula mbuzi?” Ndinangosuzumira. Pakhoma lakumbuyo panali nsalu yaikulu ya kapulana, yokhomedwa ndi misomali kuchokera kudenga mpaka pansi.

Mwini nyumba anaona kumene maso anga apita, nkhope yake inagwa. “Alamu, imeneyo ndi ya malemu mkazi wanga. Chipinda chino ndi chimene ankagona, ndimo anatsirizikira. Alendo wamba sindiwapatsa chipinda chino. Inu ndinu magazi anga, ndikudziwa kuti simuikhudza.”

Tonse tinawerama. Tinati pepani, pepani. Ndani angachotse nsalu ya munthu wakufa?

Mtengo anati watichepetsera, wa pachibale, koma tisauze alendi ena, anzathu olipira renda, angachite nsanje. Anatinso pagulu tisamutchule mfunda, tizingoti Patarau, ndiye kuti bwana, monga amanenera ena onse, kuti asaoneke wokondera. A Phiri anabwerera kumudzi akuyenda ngati apha njovu, ndipo mudzi wonse uno unamva kuti ku Tete ali ndi mkulu wawo wa nyumba zambiri.

Chibale chimenecho tinachisenza ndife. Ine ndinkasesa bwalo lonse, poti mlamu sangaone zinyalala pakhomo pa mlamu wake. Ndikaphika ndiwo, mbale yoyamba inali yake. Esinati Loweruka, m'malo mowerenga, ankachapa malaya a bambo ake aakulu. A Phiri akapeza wopita ku Tete ankatumiza nyemba, nkhuku, ngakhale uchi. Renda nayo inkakwera mwakachetechete, ndipo pokweza ankayamba ndi kuusa moyo, kuti zinthu zavuta mng'ono wanga akudziwa. Mlendi wamba akhoza kukangana. M'bale amangoti zikomo.

Chilimwe chitafika malata aja ankalira okha ndi dzuwa. Thupi lako lonse linatuluka nsungu za thukuta. M'chipinda monsemo malo ozizirira anali amodzi okha, patsinde pa nsalu ija. Pamenepo pankabwera kamphepo, nsaluyo inkachita ngati ikupuma ngakhale chitseko chili chotseka. Ndiye ndi pamene ndinkakugoneka masana. M'mawa posesa ndinkapezapo tidothi tofiira. Tsiku lina ndinatambasula dzanja kuti ndione kuseri, amayi ako anakuwa, “Amayi, za akufa zimenezo!” Ndinabweza dzanja.

Ndinapita kwa mwini wake mwaulemu. Ndinati, “Alamu, nsalu ya malemu yada ndi fumbi, bwanji ndikuchapireni ndibwezerepo?”

Anagwira pamtima. “Alamu, ikachoka pakhoma paja, nanenso mundiika m'manda.”

Mitambo itayamba kusonkhana a Phiri anabwera kudzatiwona, atasenza thumba lodzaza la chimanga, mphatso ya akulu awo. Osati yathu, ya akulu awo. Ndinawauza za kamphepo ndi tidothi tija. Anandikalipira kuti ndili ndi mtima wokayikira anthu, kuti akazi a kwa Banda ndi otero. Mwini nyumba tsiku limenelo anali atachokapo, ndiye a Phiri pobwerera anandisiyira mawu oti ndikapereke thumbalo akabwera. Ine ndinati chimanga ndalima ndi msana wangawu, chikadyedwe ndi munthu amene ndimamulipira kale? Ndinalikoka n'kuliimika pakhoma pomwe paja, pambali pa mphasa yako. Akafunsa Esinati ndinkati ndipereka mawa. Umbombo wanga umenewo sindinaulape, ndipo sindidzaulapa.

Mvula yoyamba inabwera masana, amayi ako ali kusukulu. Ya ku Tete sichenjeza, imangotsanuka. Iwe unali mtulo pamalo ako paja. Ine ndinathamangira panja ndi ndowa kukatchera madzi a pamalata, poti kumeneko madzi amagulitsa. Ndowa isanadzaze ndinamva kumbuyo kwanga chiphokoso, gwaa, kenaka fumbi likutuluka pakhomo m'kati mwa mvula. Ndinalowa. Pamene panali khoma ndinaona thambo ndi nyumba za ena. Pamene panali iwe panali mulu wa njerwa, nsalu ija ili pamwamba.

Sindikudziwa mmene ndinakuwira. Ndinafukula ndi manja, zikhadabo zinathyoka ine osamva. Alendi anzathu anathamangira kudzathandiza. Iwe unali zii, ndipo kukhala chete kumeneko ndimakumvabe mpaka lero. Titachotsa chigumula chachikulu tinapeza thumba lija litaphulika, koma litachirikiza khoma. Unali m'kampata pakati pa thumba ndi pansi, chimanga chili mbwee pathupi pako, njerwa imodzi itakupana mwendo. Nditakukoka unatsegula pakamwa n'kulira. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero, ngakhale kutchalitchi.

Mayi wina wa ku Angónia, wa chipinda choyandikana nafe, anakuwa kuti, “Itanani a Mbewe! Kaitaneni malume msanga!”

Bambo wina wa ku Macanga anatembenuka. “A Mbewe ati?”

“Eni nyumba, malume a amuna anga!”

“Eni nyumba ndi a Banda, mayi. Ndi achimwene anga, kungoti anandiletsa kunena.”

Ine ndili nawe m'manja, magazi akutsika, ndinati, “Ndi a Phiri. Ndi alamu anga.”

Tinayang'anana mvula ikutikwapula. Kenaka mayi wa ku Angónia uja anathamangira m'chipinda mwake, tinamva nsalu ikung'ambika. Nayenso anali ndi nsalu ya malemu. Kuseri kwake kunali mng'alu woti mkono kulowa. Kwa bambo wa ku Macanga nsalu ya malemu inabisa mawaya a magetsi osakutidwa. Mdadada wonsewo, chipinda chilichonse, malemu yemweyo anagonamo n'kutsirizikiramo. Mayi ameneyo anafa kambiri, ndithu.

Kuchipatala anakusoka mwendo, fupa anati silinathyoke. Titabwerako tinapeza mwini nyumba ali ndi mlembi wa bairo, ndiye kuti woyang'anira dera limenelo, akumuonetsa khoma. Chichewa chonse chinali chitamuthera m'kamwa, ankayankhula Chipwitikizi chokhachokha. Esinati ndiye ankandimasulira. Akuti anthu a kumudzi awa agwetsa khoma langa poyedzekapo thumba lolemera, alipire. Mlembiyo anafunsa ngati ndife achibale ake monga tinkanenera. Iye anati, “Awa sindiwadziwa. Ndi alendi basi.” Mwayi wake alendi onse anatulutsa nsalu zawo n'kuziunjika pabwalo, nkhani ya kulipira inathera pomwepo.

A Phiri atamva anabwera ndi lole yoyamba. Anakaima pamaso pa munthu uja pansi pa masawu paja, chipewa chili m'manja, poti ulemu sunawachoke. Anati, “Akulu, mwana akanafa.” Iye anawayang'ana kuyambira kumapazi n'kufunsa kuti, “Sinyoro, bambo inu, ndinu ndani?” Agogo anuwa anavala chipewa chawo. Anabwerera kuno, ndipo ndiwo anayambitsa zoti chipsera chako unavulala ndi sipoko ya njinga. Ine ndinawasiya, poti manyazi a mwamuna ndi matenda ovuta.

Nyumba yachiwiri ndinasaka ndekha, iwe kumsana, m'manja mpini wa khasu umene ndinapempha kwa anzathu a mpingo. Ndikafika pakhomo sindinkakhala pamphasa, madzi ndinkakana. Ndinkalowa mpaka mkati n'kugogoda khoma lililonse ndi mpini. Khoma labwino limayankha mwamphamvu, lowola limalira ngati ng'oma yonyowa ndipo limakhetsa dothi. Chilichonse chopachikidwa ndinkachivundukula, kaya kalendala kaya chithunzi cha oyera mtima. Ndinkayang'ana m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa madzi a chaka chatha. Ndinkadzitsekera mkati kuti ndione ngati chitseko chikugwira, n'kupita kukaona chimbudzi ndi maso anga. Ndikatero ndinkatsata alendi akazi kumpope, kutali ndi mwini nyumba, n'kuwafunsa kuti akhalapo madzinja angati. Makomisionista ankaseka, akuti kwabwera gogo wopenga wa mpini. Eni nyumba ena ankandithamangitsa ndisanagogode, ndipo amenewo ndinkawathokoza chifukwa anandipeputsira ntchito.

Ndinakathera kwa Dona Roza, mayi wa Chinyungwe wogulitsa nsomba zouma. Mayi wamwano ngati ameneyo sindinamuonepo. Moni sanandipatse, mpando sanandipatse. Poti chizolowezi sichitha, ndinayamba kunena kuti ine ndine Nabanda wa ku Chifunde. Anandidula. “Ndidye mfunda ine? Chipinda ndi icho, mtengo ndi uwu, sukwera mpaka chaka chithe. Mwabwera ndi mpini wanuwo, menyani. Likagwa khoma mugona ulere.” Ndinamenya mpaka phewa linawawa. Khomalo silinakhetse ngakhale kamchenga. Chipindacho chinali chaching'ono, kutali ndi msewu, chonunkha nsomba, ndipo amayi ako ankayenda mtunda kupita kusukulu. Koma tinagonamo mpaka anamaliza maphunziro. Dona Roza sanadyeko nyemba yanga ngakhale imodzi, sanandisekerepo, ndipo iwe utadwala malungo ndiye anakunyamula kuthamanga nawe kuchipatala akunditukwana njira yonse kuti ndachedwa.

Tsono tiye tibwerere kwa munthu wako wa mutelefoni. Wati nayenso ndi Mwale ngati bambo ako. Ndiuze chinthu chimodzi: anayamba kutchula mfunda ndani, iwe kapena iye? Usayang'ane pansi, ndiyankhe. Anayamba wakufunsa. Ndinadziwa. Wakuuzanso kuti wakuchepetsera mtengo koma usauze ena? Kuti utumiziretu ndalama pa telefoni lero chifukwa ofuna chipindacho ndi ambiri? Ee, ambiri ndithu, ndipo onsewo ndi abale ake. Tabweretsa chithunzicho. Taonani ana inu, maso anu ndi akuthwa. Katani iyi yapachikidwa apa, zenera lake lili kuti? Zenera si ili mbali inayi, lopanda kanthu?

Usalire. Sindikuti usapite, upita, ndipo unamwinowo uutenga. Kakhale kaye kwa anthu a mpingo monga tinachitira ife, usake masana ndi mapazi ako. Ulemu wako usiye kuno, ndikusungira, udzaupeza pobwera. Mwendo umenewo ndinaufukula ndi zala zanga, sindinaufukulire kuti ukaupereke kwa Mwale wa pa telefoni.

Taonani uko, ogona aja adzuka. Musawayang'ane, sendani mtedza. Alowa kuseri kwa nkhokwe. Mukumva kugogodako? Akugulula khasu lawo latsopano, lija amakaniza aliyense. Akubwera. Avalanso nsapato, ndiye kuti mawa sukwera wekha.

Musawafunse kanthu. Tiyamike, tsegula chikwama, sendeza mabukuwo mbali imodzi, mpiniwo ulowe.